Tambula Yokana Madzi

Mayi Sajeni atafika pafakitale paja anapeza mlandu utaweruzidwa kale. Wakuba anali atamukhazika pampando wapulasitiki pafupi ndi sinki, chikwama chake atachikhuthulira patebulo: thewera, chipeso, foni yong'aluka ndi buledi wolumidwa mbali imodzi. Chimene chinkasowa ndi unyolo basi.

Fakitale yake si ija ya utsi ayi. Ndi zipinda zitatu kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo odutsa mumsewu amayesa mumasokedwa mayunifomu chifukwa cha majasi oyera amene amayanikidwa pachingwe. Koma mumakonzedwa timagalasi tonga mabisiketi, timene a zipatala amaika m'makina oyezera magazi. Mwini wake ndi mayi wamfupi amene aliyense amawatchula Adokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Udokotala wawo ndi wa mabuku. Amuna awo ali kunja, ndipo anawasiyira mng'ono wawo kuti aziwathandiza kugulitsa. Ena amati kuti aziwayang'anira, koma zimenezo n'za eni.

Wokhala pampandoyo anali Nathovu, wotsuka magalasi. Dzinali anam'patsa chifukwa nthawi zonse manja ake amakhala m'thovu. Anali ndi khanda losayamba kudya, limene m'mawa uliwonse ankalisiya kwa neba n'kukaliyamwitsa masana. Tsikulo masana anali atadutsa kale, ndipo Adokotala anali atakhoma geti.

Galimoto ya polisi inawatula Mayi Sajeni n'kupitirira kungozi ina. Dalaivala anati pobwerera aimba huta, wokwera akwere, iye mafuta oyendera kawiri alibe. Ndiye zinali choncho: galimoto ikabwera, Nathovu akagona m'chitokosi, khanda likagona kwa neba ndi njala.

"Chabedwa n'chiyani?" anafunsa Mayi Sajeni.

"Mankhwala," anatero Adokotala.

"A mutu kapena a m'mimba?"

Adokotala sanaseke. Anatenga timagalasi tiwiri ndi kampanira, n'kudontheza madzi pa kalikonse. Pa koyamba madzi anayala ngati atayikira pasimenti. Pa kachiwiri dontho linaima lobulungira ngati mkanda, ndipo atapendeketsa pang'ono linagubuduka osasiya njira.

"Mwaona? Galasi likatsukidwa ndi asidi limakhala ndi njala. Tikaliviika m'mankhwala amenewa, tizidutswa take timaluma galasi ndi mitu, michira n'kuloza m'mwamba. Timaima mzere umodzi wokha, palibe kokwera pamsana pa kanzake. Diso silingaone kanthu. Madzi okha ndiwo amadziwa."

"Sopo sachotsa?"

"Mutsuke mpaka manja atupe."

Mayi Sajeni analoza kagalasi kena kamene kanali m'mbale ya zotaya. "Nanga aka kanalakwa chiyani?"

Adokotala anakaviika m'madzi n'kukavuula. Madzi anathawa paliponse, koma pakona panatsala kachigamba konyowa. "Icho ndi chala cha alamu anga. Anakagwira ndi manja poviika. Pamene chala chatseka, mankhwala safikapo. N'chifukwa chake muno timavala magolovesi."

Kenako anafotokoza mwachangu, ngati akuwerenga nkhani pawailesi. Botolo linali limodzi lokha, loitanitsa kunja, ndipo lina lingafike achipatala atapita kale kwa ena. Lachisanu linagwira ntchito bwinobwino. Lolembalo m'mawa anaviika timagalasi, madzi n'kuyala pa tonse. Atanunkhiza m'botolo anapeza sipiriti wamba. Mutu unawagwira, anapita kukhitchini kuti amwe mapiritsi, n'kutola tambula imene anaipeza pasinki. Atathira madzi, madziwo anagubuduka m'kati ngati mikanda.

"Tambula yake ndi iyi." Anaitembenuza. Kunsi kwake kunali kadontho ka utoto wofiira wa zikhadabo. "Aliyense muno ali ndi yake. Iyi ndi ya uyu. Munthu ndinamutola akugulitsa madzi pamsewu."

Nathovu sanadzutse mutu.

"Makiyi a kabati ya mankhwala ali ndi ndani?"

"Ine, ndi wachiwiri wanga. Koma uyu amafika poyamba, ndipo anga ndimawaiwala patebulo kawirikawiri."

"Alamu anuwo mumakhala nawo nyumba imodzi?"

Adokotala anazengereza. "Eya."

* * *

Alamu anali panja atatsamira galimoto, nsapato zosongoka, mafuta onunkhira mpaka kugeti. Botolo la chakumwa analifumbata ndi dzanja lonse ngati lifuna kuthawa.

"Bwana, nkhaniyi ndi yachidule. Tambula ndi yake, kufika amafika yekha. Mukufunanso chiyani, chithunzi?"

"Loweruka munali kuti, achimwene?"

"Kumaliro."

"Pepani. A ndani?"

"A... azakhali a mnzanga wina wake."

"Anamwalira ndi chiyani?"

"Ukalamba, bwana."

Mayi Sajeni anayang'ana kusitolo ya matayala, kumene mwini sitoloyo anali atasiya kupopa kalekale kuti amve bwino. Bambo ameneyo sadikira kufunsidwa kawiri.

"Malirowo anachitikira pano ndiye," anatero bamboyo. "Galimoto iyi inafika Loweruka m'mawa, yachoka dzulo madzulo. Ndinachita kuisuntha ndi jeke kuti lole ilowe."

Nkhope ya Alamu inachita thukuta. Anawakokera Mayi Sajeni pambali, mawu atatsika mpaka m'nsapato.

"Bwana, ndinu mayi, mumvetse. Ndinali kusaluni uko, kutsidya kwa msewu."

"Mumalukitsa?"

"Ayi. Kwa mwini saluni. Kuchipinda chakuseri."

Mwini saluniyo, kuti mudziwe, ali pabanja ndi dalaivala wa malole, ndipo msewu wonse unkadziwa kupatula dalaivalayo. Mayi Sajeni anawoloka kukafunsa. Mayiyo anakana katatu, kachinayi n'kunena kuti munthuyo sanatuluke ngakhale kukagula machesi, anamumalizira shuga yense, ndipo ngati akumumanga amumange ndithu.

Umboni wa chibwenzi Mayi Sajeni sankaudalira. Anabwerera ali ndi anthu awiri m'mutu m'malo mwa mmodzi.

* * *

Wachiwiri wa Adokotala ankatchedwa Abusa. Mpingo analibe, koma ankapempherera chilichonse, ngakhale makina akazima. Mayi Sajeni anawapeza m'khitchini akumwa tiyi wopanda mkaka, jasi loyera lositidwa bwino. Kachala kawo kakumapeto kanali kataima pambali pa tambula ngati mlongoti wa wailesi.

"Mumamwa ngati mkwatibwi, Abusa."

Anaseka mofatsa. "Si matama, mayi. Galasi linandidula mtsempha ndili kusukulu. Kanauma, sikapindika. Koma mwa chisomo zinazi zikugwira ntchito."

"Lachisanu anatseka ndani?"

"Ine. Ndinasiya zonse zili m'malo. Loweruka ndi Lamulungu ndinali kumapemphero osala kudya, abale angachitire umboni."

"Osatulukako?"

"Munthu amatuluka kukapuma mphepo. Koma mtima umakhala komweko."

"Mukuganiza kuti waba ndani?"

Abusa anapukusa mutu mwachisoni. "Sindiweruza. Koma mwana wakhanda amafuna zambiri, ndipo bambo wake anathawa. Kuli anyamata otsuka magalimoto amene amamva kuti mankhwalawa amathamangitsa mvula pagalasi lakutsogolo. Mayesero, mayi."

"Inu mungawagulitse kuti?"

"Ine?" Anaika tambula pansi bwinobwino. "Ndikanakhala wakuba, sindikanathira m'tambula yomwera. Ndikudziwa kuti amaluma galasi. Wachita izi ndi munthu wosadziwa."

Zinamveka zanzeru. Mayi Sajeni anafunsa chifukwa chake wakubayo sanangonyamula botolo lonse.

"Likanasowa pashelefu, Adokotala akanaona msanga. Ndiye anakhuthulira m'tambula, n'kuthira sipiriti m'botolo, kenako n'kupungulira mankhwalawo m'kabotolo kena. Mwachangu, chifukwa amafa ndi chinyezi. Nyengo ya mvula ino, mukawasiya pamphepo amasanduka phala."

"Mwaifotokoza bwino."

"Ndi ntchito yanga, mayi."

Pakhomo Mayi Sajeni anakumana ndi Adokotala atagwira foni. A kuchipatala anali ataimba kale kawiri. "Nathovuyo mukumutenga kapena ndiimbire akuluakulu anu?"

"Galimoto ikabwera."

* * *

Nathovu anali pomwe paja. Pabulauzi pake panali patatuluka zigamba ziwiri zonyowa, ndipo ankayesa kuzibisa ndi mikono. Mayi Sajeni analera ana atatu. Sanafunse kuti n'chiyani. Anakoka mpando.

"Asisi, tambulayi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Munaisiya kuti Lachisanu?"

"Pashelefu yapamwamba. Ndimaivundikira pakapepala."

"Bwanji osaika ndi zinzake?"

"Zinzake amangotsukuluza. Yanga ndimaitsuka monga timagalasi, ndi asidi yemwe, kenako madzi osefa. Ndinazolowera. Ndikamwera ina ndimamva fungo la milomo ya anthu."

"Akudziwa zimenezo ndani?"

"Onse. Amandiseka. Alamu amati ndidzatsuka ndi mwana yemwe ndi asidi."

"Mankhwala munaba?"

Nathovu anawayang'ana koyamba. "Bwana, muuzeni neba am'patse mwana madzi owiritsa ndi supuni. Botolo amakana."

Mayi Sajeni anali atamangapo amayi oyamwitsa, ndipo ena mwa iwo anali akuba enieni. Misozi si umboni, mkakanso si umboni. Koma china chinkawakanda m'mutu. M'khitchini munali matambula ambiri, ena pafupi ndi chitseko. Munthu wothamanga amatola choyandikira. Uyu anatambasula dzanja mpaka pashelefu yapamwamba, kufuna yoyera kuposa zonse. Kapena anali mwini wake, kapena anali munthu wodziwa kuti mankhwalawa m'chiwiya chakuda amawonongeka, ndi kuti m'chiwiya choyera amasiya chizindikiro.

Anaimirira kuti adzionere okha, poti zonse anali atangouzidwa. Adokotala anathira madzi m'kati mokha. Mayi Sajeni, poti sanaphunzire za madontho, anaimiza tambula yonse m'beseni ngati akutsuka mbale kunyumba, n'kuivuula.

M'kati munali mouma. Kunja nakonso madzi anathawa mbali yaikulu, kuyambira pamlomo kutsika. Koma panatsala tizigamba tonyowa, tonyezimira pakuwala kwa windo.

Anaimizanso. Tizigamba tomwe tija, malo omwe aja.

Panja huta inalira.

* * *

"Auzeni adalaivala adikire," anatero Mayi Sajeni kwa bambo wa matayala, amene tsopano anali atafika mpaka pawindo. "Akakana, muwaphwetsere tayala."

Anaitanitsa onse m'khitchini. Anapempha buluu wochapira majasi, n'kumusungunula m'beseni mpaka madzi anada. Kenako anatsitsa matambula anayi opanda kanthu n'kuwandandalika patebulo.

"Aliyense anyamule imodzi."

"Tikumwa chiyani, bwana?" anafunsa Alamu.

"Nyamulani."

Alamu anafumbata yawo ndi chikhatho chonse. Adokotala anagwira kumlomo ndi nsonga za zala ziwiri, monga amagwirira chilichonse chagalasi. Nathovu anagwira ndi manja awiri. Abusa ananyamula yawo mwaulemu, akumwetulira ngati munthu wololera masewera a ana.

"Adokotala, munati pamene chala chatseka, mankhwala safikapo."

"Ndinatero."

"Ndipo sopo sabweza."

"Sabweza."

"Wakubayu pokhuthula anataya. Botolo lake ndi lolemera, dzanja limodzi. Mankhwala anayenderera kunja kwa tambula, iye ataigwira ndi dzanja losavala kanthu, poti m'khitchini simuvalidwa magolovesi. Atatha anaitsuka ndi sopo kuti zala zake zichoke. Zinachokadi."

Anaimiza tambula ya Nathovu m'madzi abuluu aja n'kuikweza pawindo. Madzi anagubuduka n'kugwa. Pagalasi panatsala dzanja la buluu: chala chachikulu mbali imodzi, zala zitatu zazitali mbali inayo. Pansi pa chachitatu, pamene pakanakhala kachala kakumapeto, panali pouma.

Maso onse anayenda okha, kuchoka pa dzanja la buluu kupita pa dzanja la Abusa, pamene kachala kaja kanali kataima monga mwa masiku onse. Abusa anayesa kukapinda. Sikanapindike.

"Anthu ambiri amagwira choncho," anatero.

"Ambiri ndithu. Tabwerekani dzanjalo."

Mayi Sajeni anawagwiritsa tambula ija. Chala chilichonse chinagona pa kachigamba kake ngati chabwerera kwawo.

Alamu anaomba m'manja kamodzi. "Abusa, kusala kudya kuja kunali kumeneku?"

"Inu khalani chete," anatero Adokotala, "za kusaluni tikakamba kunyumba." Ndiye kuti nawonso ankadziwa. Anatembenukira kwa wachiwiri wawo, mawu atauma. "Ali kuti mankhwala anga?"

"Ndinagwirapo tambulayo tsiku lina, mwina pofuna kumwa..."

"Adokotala," anadula Mayi Sajeni, "mukanakhala inu mwaba, nyengo ya mvula ino, mukanawasunga kuti?"

"Kunyumba angafe tsiku lomwelo. Malo ouma m'tauni muno ndi amodzi okha, kabati yanga ya..." Anasiyira pomwepo.

Kabatiyo inali m'chipinda chachitatu, yachitseko chagalasi, pansi pake pali timiyala toyamwa chinyezi. Kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mabotolo a zotaya, kunali kabotolo kabulauni komatidwa pakamwa bwinobwino, kawiri, mmene Abusa okha amamatira. Adokotala anaviika kagalasi, n'kudonthezapo madzi. Dontho linaima ngati mkanda.

Munthu anaba, koma mtima wa ntchito unamukaniza kuwasiya kuti awonongeke. Ankadikira tsiku louma kuti awatulutse. Kumene ankapita nawo kunamveka pambuyo pake kwa bambo wa matayala: Abusa anali atachita kale lendi kachipinda kumsika, ndipo ankaonedwa akumwa tiyi ndi wogula wa kuchipatala yemwe uja amene ankaimba foni. Fakitale ikalephera kupereka katundu, iwo akanatulukira ndi wawo.

"Mwana wa eni mukanamugoneka m'chitokosi," anatero Mayi Sajeni akutulutsa unyolo.

"Akanatuluka, mayi. Umboni unali wochepa. Ndinkamupempherera."

"Mukapitiriza konko. Kuli nthawi yambiri."

Huta inaliranso, yaitali. Abusa anavula jasi, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pampando asanapereke manja.

Nathovu anali akubweza zinthu zake m'chikwama: thewera, chipeso, foni, buledi. Adokotala anaima pambali pake, akutembenuza makiyi a geti m'manja. Mawu akuti pepa kwa anthu ophunzira amatuluka movuta ngati dzino lachibwano.

"Mawa... ubwere mochedwerapo. Palibe vuto."

Nathovu anatseka zipi. "Bwana," anatero kwa Mayi Sajeni, "tambula yanga?"

"Ikupita kukhoti. Ndi mboni."

"Mwera yanga," anatero Adokotala msanga. "Kapena ndikugulira ina, yabwino."

"Tsegulani geti, madamu."

Adokotala anatsegula okha, ndi manja awo. Dalaivala anasuzumira pawindo n'kuona anthu awiri akubwera ndi Mayi Sajeni, mwamuna wa unyolo ndi mkazi wa chikwama.

"Wakuba ndi uti? Ndinamva kuti ndi mzimayi."

"Wakuba kumbuyo. Mzimayi kutsogolo, tikamutula kwawo."

"Bwana, ndinanena za mafuta."

Mayi Sajeni anangoloza bulauzi ija. Dalaivala, amene naye mkazi wake anali ndi khanda, anayang'ana kumbali, n'kuliza injini.

"Kumanja kapena kumanzere, mayi a mwana?"

"Kumanzere," anatero Nathovu. "Mukamva kulira, ndi pomwepo."